Tsiku limene aNambewe anavula juzi

Chatha chaka tsopano chimwalirireni aNambewe, amayi aakulu a amuna anga, koma ku Senga Bay kuno anthu akamawatchula amayambabe ndi juzi. Inali juzi yobiriwira ya mabatani, yachimuna, yazigamba m'zigongono, ndipo ankaivala ngakhale mu Okutobala, mchenga ukamawotcha mpaka agalu kukana kudutsa. Ogula nsomba ochokera ku Lilongwe sankadziwa n'komwe dzina lawo. Ankangotsika minibasi n'kufunsa kuti thandala la amayi a juzi lili pati. Pamaliro awo abusa anakamba za khama lawo pa geni ya usipa ndi za kusajomba kwawo kutchalitchi. Zonsezo zinali zoona. Koma palibe anatchula chinthu chimene ine ndimawakumbukira nacho. Mwina anachita manyazi. Ine manyazi amenewo anandithera pamphasa ya ankhoswe, ndiye ndilemba.

Anali mayi wamfupi, wa khungu louma ngati wadzola phulusa, nsidze zopyapyala, mawu aakulu osalingana ndi thupi lawo. Wotchi analibe. Ankamvera wailesi ya kwa aneba, ndipo ikangolengeza sikisi koloko ya m'mawa ankatulutsa kabotolo m'thumba la juzi, n'kumeza timapiritsi tiwiri ndi madzi a m'kapu ya malata. Akatha ankaivundikira kapuyo pamwala umene unali pansi pa thandala lawo loyanikapo nsomba. Banja lonse linkati ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi, iwo osatsutsa.

Usipa wawo sankalola munthu wina kuutembenuza. Ankati dzanja lobwereka limaswa mimba za nsomba. Nthawi ya misonkhano ya chisankho choyamba chija cha zipani zambiri, anapita ku zipani zonse, kuvinako pang'ono, kulandira nsalu, n'kubwera nazo kudzaphimbira nsomba. Wina akawafunsa kuti kwenikweni ali mbali iti, ankayankha kuti usipa suvota koma umanyowa.

Kukangana ndiye kunali chakudya chawo. Anakangana ndi makondakitala onse a msewu wa ku boma chifukwa chotsamiritsa tayala padengu lawo. Anakangananso ndi mlaliki wina amene anadzamanga tenti pafupi ndi msika, n'kumauza odwala kuti aponye mankhwala awo m'chidebe posonyeza chikhulupiriro. ANambewe anapitako, anaimba nawo nyimbo zonse mokweza, koma chidebe chitafika pa iwo anapempha mlalikiyo, anthu onse akumva, kuti ayambe iye kuponyamo magalasi ake a m'maso. Mlalikiyo sanavule magalasi, ndipo iwo anabwerera ndi kabotolo kawo.

Panalinso mbiri ina, yonong'onezana. Nditangokwatiwa, alamu anga anandiuza kumadzi kuti amayi aakulu anasiyidwa ukwati kalekale, dziko litangolandira ufulu, chifukwa anayenda ndi mwamuna wina. Anati mwana wawo mmodzi yekhayo anafa ali khanda chifukwa cha zomwezo, ndipo n'chifukwa chake sankaitanidwa kukalangiza atsikana. Ndivomere: ndinakhulupirira. Ndinali ndi satifiketi yatsopano ya uphunzitsi, ndikudziona wozindikira, koma nkhani imeneyo ndinaimeza osatafuna. Tinkakhala mpanda umodzi, koma moni wanga unkathera pachipata.

Mwana wanga Takondwa anabadwa mu Malichi, chaka cha chisankhocho. Za tsikulo ndimakumbukira pang'ono. Mwana analira, kenako anamwino anayamba kuthamanga, chifukwa magazi sankaleka. Anandithira ena, ndinatuluka wamoyo, tinathokoza Mulungu. Koma mkaka sunabwere. Ndinamwa thobwa, ndinatafuna chinangwa chachiwisi mpaka nsagwada kuwawa, osatuluka ngakhale dontho. Takondwa anayamba mkaka wa m'chitini. Mu Epulo amuna anga, a Lufeyo, ananyamuka ndi anzawo kukapha nsomba ku Mbenji, chilumba chimene mkazi sapondako, ndipo anakhalitsa kumeneko.

Ine mphamvu sizinabwerere. Kumwezi sindinapitenso. Ndinkazizidwa dzuwa lili pamutu. Ndikaimirira msanga pamaso pa ana a Sitandade 2 pansi pa mtengo, m'maso munkachita mdima. Malungo anandigwira katatu, ndipo ulendo uliwonse ankandigwetsa ngati gogo, pamene anzanga ankamwa mankhwala omwewo n'kudzuka mawa lake. Anthu anayamba kutchula magazi othiridwa aja ndi matenda amene tonse tinkaopa kuwatchula dzina. Inenso ndinkaganiza zomwezo. Ndiye panali china chimene sindinauze munthu: tsitsi la kukhwapa ndi la malo obisika linayamba kuthothoka, mpaka linatheratu.

Amene sakudziwa za kwathu kuno angati imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Si yaing'ono. Lumo la m'banja ndi la anthu awiri okha. Mwamuna amameta mkazi wake, mkazi amameta mwamuna wake, ndipo anamkungwi amalangiza zimenezi tsiku lolowa m'nyumba. Mkazi akapezeka wosalala mwamuna wake asanagwire lumo, funso limakhala limodzi.

A Lufeyo anabwera mu Okutobala, nthawi yoti tibwerere pamphasa imodzi monga mwa mwambo mwana akakhwima. Anadzera ku boma n'kugula lumo latsopano. Ataona, analiika pansi lili m'pepala lake.

"Wakumeta ndani?"

Ndinati palibe. Anatuluka panja. Patapita masiku atatu ankhoswe anakhala pansi.

Tinakumana masana pakhonde pa apongozi anga. Kumbali yanga kunali amalume, amene anabwera pa njinga kuchokera kumudzi kwathu kumtunda. Kumbali ya amuna anga kunali a Yobe, mlongo wawo wa apongozi anga ndi wa aNambewe. ANambewe sanaitanidwe. Anangokhala chapatali pang'ono ndi lichero, akusankha usipa wosweka, juzi ili pathupi, ife tonse thukuta lili kamukamu.

"Ife sitikufuna zambiri," anayamba a Yobe. "Mwana wathu wakhala pachilumba miyezi yonseyi, lumo lake lili m'pepala mpaka lero. Ndiye atiuze mayiwa, dzanja limene lagwira ntchito yake ndi la ndani?"

"Yankha, mwana iwe," anatero amalume, maso ali pansi.

"Palibe wandimeta. Linachoka lokha."

Apongozi anaseka. "Lokha? Ndi masamba a mtengo kodi, oti amayoyoka m'chilimwe? Kukoleji kuja anakuphunzitsani zambiri, aphunzitsi. Mkaka unakana, mwana akukulira chitini, thupi lanu likungotha. Ife si ana. Mwana woyamba amakana bere akadziwa kuti mayi wake wayenda."

Ndinali wotopa moti mumtima ndinali nditavomera kale: ukwati uthe, ndibwerere kumudzi ndi mwana ndi dzina loipalo, ndikafere kumeneko. Ndinkangofuna andilole ndikagone.

"Aphunzitsi," anatero aNambewe, osakweza mutu palichero. "Kumwezi munabwererako chibadwire mwanayu?"

"Achemwali, pano pali amuna," anatero a Yobe.

"Nkhani ya lumo aiyambitsa ndi amunawo, ndiye amve. Aphunzitsi, ndafunsa."

"Ayi, amayi."

"Kuzizidwa?"

"Kwambiri."

"Mukadzuka mwachangu, mdima?"

"Inde."

"Malungo akabwera, mumakhala ngati akukuitanani kumanda?"

Ndinangogwedeza mutu. Anatembenukira kwa amuna anga. "Lufeyo, iwe unaliko kuchipatala. Magazi anataya ochuluka bwanji?"

A Lufeyo anayankhula koyamba tsiku limenelo. "Anamwino anati pang'ono tikanamutaya, amayi."

ANambewe anaika lichero pansi n'kuimirira. Anayamba kumasula mabatani a juzi, limodzilimodzi, osafulumira. Palibe mwa ife anali atawaonapo opanda juziyo. Anaivula, anavulanso bulauzi, anatsala ndi nsalu yomanga pachifuwa, kenako anakweza manja onse awiri m'mwamba. M'khwapa mwawo munali mosalala ngati mwa mwana wa zaka zisanu.

"Yobe, yang'ana kuno. Usayang'ane kumbali, unayang'ana kumbali mokwanira chaka chija. Ine anandimeta ndani? Zaka makumi atatu lumo silinandikhudze. Unalipo pamphasa ngati ino, unanyamulira amalume mpando. Funso munandifunsa ndi lomweli, yankho ndinapereka ndi lomweli, ndipo munaseka chimodzimodzi."

Nkhuku inabwera n'kuyamba kujompha usipa wa m'lichero, osapezeka woiingitsa.

Zina zonse anandifotokozera pambuyo pake, pang'onopang'ono, nthawi zambiri tili m'basi. Iwonso anataya magazi pobereka, kunyumba, kopanda wowathira ena. Mkaka sunabwere, ndipo masiku amenewo mkaka wa m'chitini kunalibe kumudzi. Mwana wawo wamwamuna anakhala masabata asanu ndi limodzi. Mwamuna wawo atapeza zimene a Lufeyo anapeza kwa ine, mlandu sunatenge ngakhale theka la tsiku. Anakhala zaka zingapo ngati munthu wakufa amene aiwala kumuika, anthu akuwanena ulesi, mpaka tsiku lina anakomoka pasiteshoni ya sitima ku boma ali ndi dengu la nsomba pamutu. Anatsitsimukira m'chipatala china cha mishoni. Dokotala wa kumeneko, mayi wachikulire, atamva mbiri yawo anangowapempha kuti akweze mkono. Kuchokera tsiku limenelo, timapiritsi tiwiri m'mawa uliwonse.

Ndinawafunsapo chifukwa chimene sanauzire abale awo zaka zonsezo, dzina lawo n'kuyera. Anati amene anawaweruza anali atafa, ndipo analibe chifukwa chovulira amoyo. Anatinso palibe anawafunsa.

Pakhonde paja apongozi anga anayamba kulira. Anali a Lufeyo amene anafunsa, ndi mawu aang'ono, kuti ndiye tichite chiyani.

"Lumo lakolo ukametere ndevu, zakula ngati za mbuzi," anatero aNambewe akubweza mabatani. "Mawa tikukwera basi yoyamba ya ku Lilongwe. Mwana unyamula ndiwe."

Kuchipatala chachikulu tinapeza dokotala wachinyamata amene poyamba sanakondwe kuti mayi wa nsomba akumuuza matenda. ANambewe sanakangane naye, zimene zinandidabwitsa. Anangoika kabotolo kawo patebulo pamodzi ndi khadi lakale lopindapinda, lolembedwa ndi dokotala wa kumishoni uja. Mnyamatayo analiwerenga kawiri, n'kuitana mkulu wake. Ananditenga magazi, tinabwereranso kawiri, ndipo matenda amene ndinkaopa aja sanawapeze. Chimene anapeza n'chakuti pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa, kamene kamalamula ziwalo zina kutulutsa mahomoni: a mkaka, a kumwezi, a kutentha kwa thupi, ndi a mphamvu yopirira nayo matenda. Mayi akataya magazi ambiri pobereka, kachiwaloko kangathe kufota chifukwa chosowa magazi. Sikadzukanso, koma ntchito yake ina mapiritsi amagwira.

ANambewe anali ndi kafotokozedwe kawokawo. Ankati thupi lili ngati asodzi a usipa panyanja. Okoka khoka alipo, manja ali nawo, koma amadikira siginala, munthu uja amakhala m'bwato ndi nyali n'kuwauza nthawi yoponya ndi yokoka. Ife siginala wathu anamira. Asilikali a m'thupi alipo ndithu, koma malungo akabwera thupi lonse limasowa woliuza kuti lilimbe, ndiye munthu amangozima. Mwa timapiritsi tiwiri ta m'mawa timene inenso anandipatsa, koyera ndi siginala waganyu.

Malamulo awo anali anayi, omwenso adokotala anandilembera pakhadi langa. Osadumphitsa tsiku. Thupi likatentha, kapiritsi koyera kawirikizidwe mpaka kutenthako kutatha. Ukasanza kawiri, kuchipatala kukabayitsa jakisoni, popanda kukambirana. Ndipo popanda chifukwa, osawonjezera. Patangotha masabata ochepa ndinayamba kuimirira pamaso pa ana anga mpaka belu. Ndinanyamula ndowa yodzaza kuchokera kunyanja. A Lufeyo sanapepese ndi mawu, si anthu a mawu, koma malamulo anayiwo anawaloweza ngati katekisimu.

M'mawa uliwonse wailesi ikalengeza sikisi, mawu ankadutsa mpanda kuchokera kuthandala.

"Aphunzitsi, mwamwa?"

"Ndamwa, amayi."

"Angati?"

Funso lachiwirilo linayamba titakangana. Ine ndine munthu wamantha, sindibisa. Nditamva kuti kapiritsi koyera kamalimbitsa thupi pa matenda, ndinayamba kukawirikiza ndekha. Takondwa akayetsemula, oyera awiri. Mwana wina m'kalasi akatsokomola, oyera awiri. Ndinkati ndikudzitchinjiriza. Patapita miyezi nkhope inatupa ngati mwezi, zithupsa zinabuka, m'kamwa munachita zoyera, ndipo kabala kamene munga wa kampango unandibaya pachala kanakana kupola. ANambewe anandiyang'ana tsiku lina, analowa m'nyumba mwanga osaodira, anakhuthulira botolo langa m'mbale n'kuwerenga.

"Satifiketi yonseyi, kuwerenga kamodzi kukukanikani?"

"Ndimaopa kudwala, amayi. Ndikafa mwana atsala ndi ndani?"

"Ndiye mukudziitanira matendawo ndi manja awiri. Siginala akamakuwa osapuma, okoka khoka amagona. Chala chimenecho chikudikira asilikali amene mwawaledzeretsa nokha."

Ndinawayankha mwano, ndinati iwo si dokotala. Anati n'zoona, ndipo ananditengera kwa dokotala weniweniyo, amene ananena zomwezo m'mawu aatali: mankhwalawa akachepa thupi limagonja pa matenda, akachuluka amafooketsa chitetezo, ndipo kuwatsitsa kumafunika pang'onopang'ono. Pobwerera sitinayankhulane msewu wonse, ndipo sabata yonse yotsatira sanandipatse moni. Koma sikisi koloko sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Mwamwa? Angati? Basi, n'kutembenukira ku usipa wawo.

Tsopano ndinene chimene chimandilemera. Febuluwale wa chaka chatha anayamba chifuwa ndi kutentha thupi. Anawirikiza kapiritsi monga mwa lamulo. Tsiku lachitatu m'mawa anasanza. Nditaweruka masana ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira mtengo wa thandala, atasanzanso.

"Amayi, ndi kawiri. Tiyeni."

"Mitambo iyo simukuiona? Usipa wanga uli pathandala. Uume kaye."

"Lamulo lija munati silikambirana."

"Lamulo ndinakupatsani ndine. Pitani mukadyetse mwana."

Ndinapita kukadyetsa mwana. Mvula itayamba cha m'ma fili koloko ndinathamanga kukawathandiza kuphimba nsomba, ndipo ndinapeza sakutha kuimirira. A Lufeyo anasiya ukonde umene ankasoka n'kukaimitsa galimoto ya matola pamsewu. Kuchipatala ku boma anawabaya jakisoni, anawaika diripi, ndipo anatsitsimuka mokwanira kufunsa kuti nsomba zawo watembenuza ndani. Anamwalira tsiku lachiwiri. Chinali chibayo. Amene ankawasamalira anandiuza kuti pa msinkhu wawo mwina maola atatuwo sakanasintha kanthu. Mwina. Chimene ndikudziwa n'chakuti lamulo ndinkalidziwa, koma ndinaopa mawu awo kuposa lamulo lawolo.

Kuchokera tsiku limenelo mawu a munthu sandiopsanso. Khadi langa limayenda nane m'chikwama kulikonse. Ndikapita kusikelo ndi Takondwa, ndikaona mayi akupatsa khanda mkaka wa m'chitini iye ali wotuwa, wofunda nsalu ziwiri dzuwa likuswa mtengo, ndimakhala naye pafupi n'kumufunsa mafunso anayi aja. Ambiri amakhala ndi zifukwa zina. Koma mmodzi, wochokera kumtunda, anandiyankha onse anayi monga ndinayankhira ine, kenako anayamba kulira n'kundiuza kuti ankhoswe akumana Loweruka. Loweruka limenelo ndinapita. Ndinavala bulauzi yosavuta kuvula.

Juzi sitinawaike nayo m'manda. Ena ankafuna, koma apongozi anga anakana, anati akulu awo abisala mokwanira. Ili pamsomali kuseri kwa chitseko cha nyumba yawo, thumba lakumanja likadali lofutukuka pamene pankakhala kabotolo. Thandala palibe walitenga, ngakhale malo oyanikapo nsomba amavuta kuno. Bango linawola ndi mvula ya chaka chino n'kugwera mkati, kwangotsala mitengo inayi ya mphanda, ndipo pa umodzi pakulendewera kachidutswa ka nsalu ya chipani, kosuluka moti sungadziwe kuti kanali ka mbali iti. Pamwala paja kapu ikadali chivundikire. Mwera unaigwetsapo kamodzi, ine ndinakaitola n'kuibwezera momwe ankaisiyira.

Wailesi ya kwa aneba ikalengeza sikisi, ndimameza anga nditaima pakhomo, maso ali kuthandala. Kumeneko sikuchokera funso. Ine ndimayankhabe: ndamwa, amayi, awiri okha.